Mabotolo awiri a vinyo wa Port: nditsegule liti, ndipo amamwedwa motani?

Mphunzitsi wopuma, Kalongwezi:

Ndikupereka moni kwa inu nonse. Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Maputo anabwera mwezi watha kudzera ku Tete ndi pa malire a Chanida, ndipo anandibweretsera mabotolo awiri a vinyo wa ku Portugal wotchedwa Port. Pa botolo loyamba palembedwa kuti Tawny 20 Years, ndipo ndikaliunika padzuwa vinyo wake akuoneka wofiirira ngati uchi wokhalitsa. Pa lachiwiri, lomwe ndi lakuda bii moti za m'kati sizikuoneka, palembedwa kuti Vintage 2011. Akulu anga adzakwanitsa zaka 80 mu Okutobala, ndipo ndikufuna kuti tsiku limenelo tidzatsegule limodzi mwa mabotolowa, koma ndikuopa kuwononga mphatso yamtengo wapatali chifukwa cha kusadziwa. Kodi ndi botolo liti loyenera kutsegulidwa, ndilisunge bwanji m'nyengo yotentha ino, ndipo munthu amayang'ana chiyani polawa vinyo wokhalitsa chotere?

Woperekera zakumwa wakale, Mfuwe:

Bambo aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa musanatsegule, chifukwa mabotolo awiriwo ngakhale ali ndi dzina limodzi anakalamba m'njira zosiyana kwambiri. Ndinagwira ntchito zaka zambiri yoperekera alendo zakumwa m'malo ena ogona kufupi ndi nkhalango ya South Luangwa, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira zimene ndikulembazi.

Port amachokera ku chigwa cha mtsinje wa Douro kumpoto kwa Portugal, dera lomwe malire ake anadulidwa mwalamulo mu 1756. Madzi a mphesa akayamba kuwira, opangawo sadikira kuti shuga yense asanduke mowa. Patangotha masiku awiri kapena atatu amathiramo mowa waukali wotchezedwa kuchokera ku mphesa, womwe mphamvu yake ndi pafupifupi 77 peresenti, ndipo kuwirako kumaima pomwepo. Ndicho chifukwa chake vinyoyu ndi wotsekemera koma wamphamvu, pafupifupi 20 peresenti, pamene vinyo wamba amathera cha m'ma 12 mpaka 14.

Tawny wanuyo anakalambira m'migolo ya mtengo wa oak, yomwe umodzi umalowa malita pafupifupi 550. Mpweya umalowa pang'onopang'ono kudzera m'thabwa, vinyo wina amauma chaka ndi chaka, kufiira kuja kumazilala n'kusanduka mtundu wa uchi umene mwauonawo, ndipo fungo la mphesa zaziwisi limasanduka la mtedza wokazinga, zipatso zouma ndi shuga wopsereza. Nambala ya 20 sikutanthauza kuti dontho lililonse lili ndi zaka 20 ndendende. Katswiri amasakaniza vinyo wa zaka zosiyanasiyana, wina wocheperapo wina wokulirapo, mpaka kakomedwe kafike pa msinkhu umenewo, ndipo bungwe la Instituto dos Vinhos do Douro e do Porto limalawa ndi kuvomereza asanagulitsidwe. Ntchito yake yonse inathera mumgolo, choncho kumusunga m'botolo sikumuwonjezera kanthu. Mukayang'ana bwino pa pepala lakumbuyo mupeza chaka chimene anathiridwa m'botolo. Ameneyu ndiye wotsegula pa tsiku la akulu anu.

Pa kalawidwe ndikupemphani chinthu chimodzi, kuti musathamangire kumeza. Pezani magalasi ang'onoang'ono opanikiza kukamwa, muthire pang'ono chabe, osafika ndi theka lomwe. Pendeketsani galasi pamwamba pa nsalu yoyera muone mtundu wake, makamaka m'mphepete momwe amaoneka ngati golide. Kenako mugwedeze mozungulira, muike mphuno, mudikire. Fungo loyamba limakhala la mowa waukali ndipo ambiri amabwerera pomwepo, koma likadutsa limenelo kumabwera lina lofatsa, lomwe ine limandikumbutsa masau ouma aja amabwera m'matumba kuchokera kuchigwa, pamodzi ndi nshawa zongochotsedwa kumene pa chiwaya. Mukamwa kadontho, kasungeni mkamwa kanthawi. Tawny wabwino ali ndi kuwawasa pang'ono ngati kwa bwemba komwe kumaletsa kutsekemera kuti kusakole, ndipo mukameza kakomedweko kamatsalira nthawi yaitali. Kutsalirako ndi kumene anthu odziwa amalipirira ndalama zambiri.

Mayi wa ku Katete:

Ndikugwirizana ndi abambo a ku Mfuwe kuti mutsegule Tawny, koma ndikufuna kulankhulapo za botolo lakudalo, chifukwa ine ndinawonongapo lotere ndipo mpaka lero zimandiwawa. Malemu amuna anga anagwira ntchito ku Beira zaka zingapo ndipo anabwera ndi botolo limodzi la Vintage. Tinaliimika m'kabati yagalasi pabalaza, pafupi ndi zenera, kuti alendo aziliona, ndipo linakhala pamenepo zaka zoposa khumi likuwombedwa ndi dzuwa la masana. Tsiku la ukwati wa mwana wathu titati titsegule, chotsekera chake chinali chitauma, chinanyenyeka n'kugwera m'kati. Tinathira choncho molikhutchumula, ndipo m'magalasi munadzaza zinyenyeswa ndi masese akuda. Vinyoyo anali atataya fungo, akungomveka ngati jamu wopsereza.

Pambuyo pake ndi pamene ndinamvetsa kuti Vintage ndi vinyo wa chaka chimodzi chokha, chaka chimene mphesa zachita bwino koposa, ndipo amakhala mumgolo zaka ziwiri kapena zitatu basi, kenako amathiridwa m'botolo osasefedwa kuti akakalambire momwemo. Chaka cha 2011 ndi chimodzi mwa zaka zotamandidwa kwambiri ku Douro, mofanana ndi 1963, 1977 ndi 1994, choncho mwana wanu sanasankhe mwachisawawa. Vinyo wotereyu atasungidwa pamalo ozizira angathe kupitiriza kukoma kwa zaka makumi angapo. Vuto ndi lakuti kwathu kuno malo otero ndi osowa. Ligonekeni chogona kuti chotsekeracho chizinyowa nthawi zonse, mulikulunge m'nsalu, muliike pansi m'chipinda cham'kati mwa nyumba chomwe dzuwa silifika, kutali ndi khitchini ndi malata. Ndipo ine sindingakulangizeni kudikira zaka zina makumi awiri monga amachitira a ku Ulaya okhala ndi zipinda zapansi. Sankhani chisangalalo china m'zaka zochepa zikubwerazi, makamaka mu Juni kapena Julaye kukuzizira.

Tsikulo likadzafika, mudzaliimike tsiku lathunthu kuti masese atsikire pansi. Mudzatsegule mofatsa, ndipo mudzathire vinyoyo mu jagi yagalasi yoyera kamodzi kokha osaimitsa dzanja, wina atakuunikirani khosi la botolo ndi tochi kapena kandulo. Mukadzangoona zakuda zikuyandikira pakhosi, mudzaleke. Ngati chotsekera chanyenyeka, kansalu koyera kopyapyala, kosanunkha sopo, kamasefa bwino. Vintage akatsegulidwa sachedwa kufooka, amafuna kumwedwa tsiku lomwelo kapena lotsatira, pamene Tawny mukamutseka n'kumuika mu firiji amakhala bwino milungu ingapo. Kakomedwe kakenso ndi kena: ndi wofiira kwambiri, wonunkhira zipatso zakuda, ndipo amamanga mkamwa pang'ono monga imachitira nthochi yosapsetsa, ngakhale kumangako kumachepa akamakula.

Namwino wa ku Kapata:

Ine sindidziwa zambiri za migolo, koma ndikufuna kuchenjeza pa mfundo ya mphamvu imene yatchulidwa mongodutsa. Chifukwa cha kutsekemera, vinyoyu amatsika mosavuta ndipo munthu sazindikira kuti wamwa chinthu choposa mowa wa m'mabotolo kanayi. Shuga wakenso ndi wambiri, pafupifupi magalamu 100 pa lita imodzi. Ngati akulu anu ali ndi matenda a shuga, kapena akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena ogonetsa, afunseni kaye a kuchipatala tsikulo lisanafike. Ngati palibe choletsa, kagalasi kamodzi atatha kudya nsima nkokwanira kwa munthu wa zaka 80. Ndifunsenso abambo a ku Mfuwe: popeza mu Okutobala kuno kumatentha koopsa, kodi sikungakhale kwanzeru kuponyamo ayezi, kuti azizire komanso mphamvu ichepeko?

Woperekera zakumwa wakale, Mfuwe:

Mayi namwino, chenjezo lanu ndi loona ndipo ndikulilandira, koma pa za ayezi ndikupempha kuti tisatero. Vinyo amene anthu anamudikira zaka zonsezo kuti madzi aphwe ndipo kakomedwe kakhuthale, sitingamubwezerenso madzi m'galasi. Wofuna kuchepetsa mphamvu amwe pang'ono, ndipo pambali pakhale kapu ya madzi akumwa. Komabe muli ndi mfundo pa za kutentha, chifukwa Port wofunda amangonunkha mowa waukali wokhawokha ndipo amawotcha kukhosi. Tawny amakoma ali wozizira pang'ono, cha m'ma digiri 12 mpaka 14, pamene Vintage amafuna 16 mpaka 18. Mulowetse botolo mu firiji kwa ola limodzi, mulitulutse alendo akamamaliza kusamba m'manja. Magetsi akazima, mtsuko wadothi wa madzi akumwa uja umathandiza: ikani botolo m'menemo kuyambira m'mawa, pamthunzi, madzi asafike pa chotsekera.

Pa zodyera limodzi, sitifunika kufunafuna za kutali. Nshawa za Chalimbana zokazinga ndi kamchere pang'ono zimayenda bwino kwambiri ndi Tawny, chifukwa fungo lake ndi la mtundu womwewo ndipo mcherewo umadzutsa kutsekemera. Tsabola ndi zokazinga za mafuta ambiri zikhale kutali, zimapha lilime.

Mphunzitsi wopuma, Kalongwezi:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Ndapita kukayang'ana mabotolo aja ndipo ndaona kuti Tawny ali ndi chotsekera chachifupi chokhala ndi kamutu kogwira ndi dzanja, pamene Vintage chake n'chobisika m'khosi, choncho ndiyenera kupeza chotsegulira chopota nthawi isanakwane. Lakudalo ndalichotsa pa shelefu ya pabalaza, ndaligoneka m'bokosi pansi pa bedi la m'chipinda chapakati. Amayi a ku Katete, nkhani ya botolo la malemu amuna anu yandikhudza, ndipo ndi imene yandidzutsa pampando usiku uno. Akulu anga amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, motero Lachisanu ndikawaperekeza kuchipatala ndikafunsa monga mwanenera, mayi namwino. Nshawa zilipo za m'munda mwathu ku Chiparamba, ndauza kale adzukulu kuti asunge lichero limodzi losasenda.