Katundu wa agogo othawa nkhondo

Wa ku Bangula: Akuluakulu, ndine wosema. Agogo anga anathawa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo ku Mozambique n'kufika ku Nsanje atasenza mtondo ndi mphika wong'aluka. Ndikufuna kumanga chisakasa cha bango, ndiikemo katunduyu, anthu azilowa n'kumamva mawu awo akusimba. Kodi sindikutosa chilonda?

Wa ku Tengani: Chilondacho chilipo kale, achimwene. Mtendere unasainidwa mu 1992, koma ena sanabwererenso ku Mozambique. Muikemonso khadi lolandirira ufa ngati analisunga.

Mayi wa ku Nchalo: Mwanangu, yamba wapempha agogowo. Amayi anga akangomva za nkhondoyo ankasiya nsima. Usaikemo mbendera ya chipani, pakuti m'banja limodzi ena anali uku, ena uko.

Wa ku Bangula: Avomera, amayi, koma akuti dzina la mlongo wawo wosowa lisatchulidwe. Bango ndikadula sabata yamawa.