Matumba 12,000 a soya omwe sitinawaone ndi maso: tisaine kapena ayi?

Tiyamike: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Tikupanga oditi ya kampani yogula ndi kugulitsa mbewu, chaka chawo chimatha pa 31 Disembala. Ife anatilemba ntchito mu Febuluwale, choncho powerenga sitoko sitinalipo. M'mabuku muli matumba 12,000 a soya a makilogalamu 50, ndiye matani 600, ndipo akuti onse ali mu welehausi ya munthu wina ku Mchinji. Soya ameneyu ndi pafupifupi theka la katundu yense wa kampani. Nditapempha umboni, finance manager wa kampaniyo wabwera yekha ndi kalata ya mwini welehausi, ya chidindo ndi siginecha, yovomereza nambala yomweyo. Banki yomwe inawakongoza ikufuna ma akaunti osainidwa Lachisanu, ndipo manijala wanga akuti kalatayo yakwana. Ine mtima sukuvomera. Kapena ndikungochulutsa mantha?

Bambo Gondwe: Achemwali, mtima wanu ukunena zoona. Kalata yadzera m'manja mwa munthu amene mukumufufuzayo, ndiye yasanduka mawu ake. ISA 505, imodzi mwa ndondomeko za padziko lonse zoyendetsera oditi, imafuna kuti pempho mulitumize nokha, ku adiresi imene mwaitsimikiza nokha, ndipo yankho libwere kwa inu osadzera kwa wina. Lembani yanu lero. Koma pa katundu wochuluka chotere ine sindingadalire kalata yokha ngakhale itabwera mwa njira yoyenera. Ku Mchinji kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa m'mawa umodzi basi.

Yamikani: Ine ndikuona zina, bwana Gondwe. Kuwerenga matumba mu Malichi sikungatiuze zomwe zinalipo mu Disembala. Tinabwera mochedwa, sitinaone, basi. Lembani qualified opinion kuti kupatula sitoko zina zonse zili bwino, banki ilandire Lachisanu. Fizi ya ntchitoyi mwina siyikwanira n'komwe mafuta a ulendowo.

Mayi Nachisale: Ayi Yamikani mwanawe, pamenepo ndikukana, pa zifukwa ziwiri. ISA 501 ikunena kuti ngati simunathe kukhalapo pa tsikulo, werengani tsiku lina kenako tsatirani zolowa ndi zotuluka pakati pa masiku awiriwo. Munthu sathamangira ku qualification njira ina ikadalipo. Chinanso, katundu wofika theka la chuma chonse cha kampani si wongomupatula pambali. Ngati umboni wake walephereka, ISA 705 ikukankhirani ku disclaimer, lipoti lonena kuti odita sakutha kupereka maganizo ake pa ma akaunti onse, chifukwa sitoko imeneyo ikukhudza phindu, msonkho wa ku MRA komanso chikole cha ngongole. Banki ikaona disclaimer ngongoleyo ikhoza kuyiitanitsa. Ndiye ulendo wa ku Mchinji ukuthandiza kasitomala yemweyo, mumufotokozere choncho.

Tiyamike: Zikomo amayi. Ndiye kuwerenga kobwerera m'mbuyoko ndiyambire pati? Mapepala otulutsira katundu amalemba okha a kampaniwo.

Mayi Nachisale: Musayambire pa mapepala awo. Lole iliyonse yotuluka ndi soya imadutsa pa sikelo, ndiye pemphani matikiti a pa weighbridge, makamaka a kwa ogula, chifukwa amene amayenga mafuta salandira katundu osamuyeza okha. Tikiti iliyonse muyilondole mpaka pa invoice, invoice mpaka pa ndalama yolowa ku banki. Zomwe mwawerenga, kuphatikiza zotuluka kuyambira pa 1 Januwale, kuchotsa zolowa, ndiyo nambala ya pa 31 Disembala. Mwayi wanu ndi wakuti soya watsopano sanakololedwe, amayamba kufika pa msika cha mu Epulo, choncho zolowa ziyenera kukhala zochepa kapena kulibiretu. Mukapeza zolowa zambiri mu Febuluwale, funsani kuti wachokera kuti.

Bambo Gondwe: Ndipo mukafika musangoima pansi n'kuchulukitsa mizere. Kwerani pamwamba pa mulu uliwonse muone ngati pakati palibe dzenje. Sankhani nokha matumba oti atsitse, ena a mkati, muwayeze pa sikelo, muwabaye muone chomwe chilimo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikukumbutseni za ku America mu 1963, kampani ya Allied Crude Vegetable Oil ya Tino De Angelis ku Bayonne, New Jersey. Ankakongola ndalama ndi malisiti a welehausi onena kuti m'matanki muli mafuta a soya, pamene ambiri munali madzi, mafuta akungoyandama pamwamba. Malisitiwo ankatulutsa ndi kampani yosungira katundu ya American Express, dzina lodalirika, koma anthu oyang'anira matankiwo anali a De Angelis yemweyo. Phunziro ndi lakuti funsani kuti wosungayo ndi ndani kwenikweni, ndipo amamulipira ndani.

Chisomo: Funso limenelo ndi lomwe ndimafuna kufunsa. Achemwali, kayang'aneni kwa Registrar, ofesi yolembetsa makampani, kuti eni ake a welehausiyo ndi ndani. Ngati ndi mlamu kapena msuweni wa dairekita, kalata yake mphamvu yatha, komanso nkhani ya related party, yochita malonda ndi wachibale wa akuluakulu a kampani, iyenera kuululidwa m'ma akaunti. Ndipo kupeza matumba sikutanthauza kuti ndi a kasitomala wanu. Welehausi imodzi imasunga za anthu angapo. Onani ma stack card, makadi osonyeza mwini ndi chiwerengero cha matumba a pa mulu uliwonse, onani kaundula wa pa geti, funsaninso banki ngati soya yemweyu sanaikidwe chikole kawiri.

Yamikani: Zonsezi ndamva, koma Lachisanu sizitheka. Ndipo kasitomala akakana kuti tipite?

Mayi Nachisale: Lachisanu ndi pangano la iwo ndi banki, ife sitinasainepo. Akakana, pemphani akane polemba, nkhaniyo ikwere ku bodi, chifukwa pamenepo ndi akuluakulu a kampani amene atchinga ntchito ya odita, ndipo lipoti lidzanena zimenezo. Tiyamike, musalimbane nokha ndi manijala. Lembani memo yaifupi kwa partner, poti wosaina ndi iyeyo, ndipo a Malawi Accountants Board, bungwe loyang'anira ntchito yathuyi, akadzabwera kudzaona mafayilo adzafunsa iye. Musalolenso kuti bowo ili litsekedwe ndi representation letter, kalata ya akuluakulu a kampani yotsimikiza zomwe anauza odita. ISA 580 imanena poyera kuti kalata imeneyo payokha si umboni wokwanira.

Tiyamike: Ndabwera ndi zotsatira. Partner anavomera, tinapita. Mwini welehausi alibe ubale ndi ma dairekita, tatsimikiza. Tawerenga matumba 8,700 a kasitomala wathu, kulemera kwake kuli bwino. Otuluka kuyambira Januwale ndi 2,100, onse ali ndi matikiti ndipo ndalama inalowa. Zolowa palibe. Ndiye pa 31 Disembala ndikupeza 10,800, kusiyana kwa matumba 1,200. Woyang'anira welehausi wandionetsa buku lake: denga linadontha ndi mvula yoyamba mu Novembala, matumba 700 anachita nkhungu n'kuchotsedwa. A ku akaunti sanalembe. Kalata ija mwini welehausi anangosaina nambala yomwe finance manager anamulembera. Matumba 500 otsalawo palibe akufotokoza.

Chisomo: Matani 25 sayenda okha. Kumeneko ndi kuba, itanani apolisi.

Bambo Gondwe: Pang'onopang'ono achimwene. Odita sagamula mlandu wa kuba, ndipo mawu amenewo mukawalemba opanda umboni mudzayankha ku khoti ndinu. Chomwe ISA 240 ikufuna ndi chakuti mukayikire, muwonjezere mayeso, muuze oyenera kuuzidwa. Apa oyenerawo ndi bodi, osati finance manager, popeza nambala ya m'kalata ija inachokera kwa iye. Ndipo chilichonse chomwe munalandira kudzera mwa iye, makalata a angongole, ma reconciliation a ku banki, muchionenso kachiwiri.

Mayi Nachisale: Muzilekanitse ziwirizi. A 700 aja anawonongeka chaka chisanathe, ndiye achotsedwe m'mabuku a chaka chomwecho, palibe zokambirana. Ngati ena anagulitsidwa motchipa ngati chakudya cha ziweto, IAS 2, ndondomeko ya kalembedwe ka sitoko m'ma akaunti, ikuti alembedwe pa mtengo womwe angapezeke nawo, ndipo mufunse kuti ndalamayo inalowa kuti. A 500 ndi amene akufuna mutu. Ngati anasowa Disembala isanathe, nawonso achoke. Ngati anasowa mu Januwale kapena Febuluwale, pa IAS 10, ndondomeko ya zochitika chaka chitatha kale, nambala ya chaka chatha siyisintha, koma muone ngati ndi zofunika kuulula. Kaundula wa pa geti ndi amene angakuuzeni tsiku. Akapanda kukuuzani, yerekezani mtengo wa matumba 500 ndi materiality yanu, malire a ndalama omwe cholakwika chikawadutsa sichinganyalanyazidwe.

Tiyamike: Adutsa materiality, amayi, ngakhale osati kwambiri.

Yamikani: Ndiye pano qualified opinion ikhoza kuima, pa matumba 500 okha osati pa sitoko yonse. Koma muyambe mwawapatsa mpata woti achotse onse 1,200 okha. Akavomera, ndipo kaundula akasonyeza kuti anasowa chaka chisanathe, lipoti likhoza kutuluka loyera. Muwerengenso kuti sitoko ikatsika chotere mapangano a ngongole ya ku banki akhalabe bwino kapena ayi, chifukwa akasweka mwalowa nkhani ya going concern, yoti kampani ikhoza kupitiriza ntchito kapena ayi.

Tiyamike: Zimenezo ndiwerenga usiku uno. Partner walembera wapampando wa bodi kupempha mkumano Lolemba, ndipo banki aiuza okha a kampani kuti ma akaunti achedwa ndi sabata ziwiri. Kaundula wa pa geti ndajambula masamba a Okutobala mpaka Malichi. Bwana Gondwe, ndikutumizirani ndondomeko ya mayeso owonjezera, nditachotsa dzina la kasitomala, mundionereko ngati ndasiya kanthu.