Boston fern ija yayambanso kuphukira

Mu Ogasiti ndinafunsa chifukwa chake masamba a Boston fern yanga, chomera chokongoletsa m'nyumba chodzala mumphika, ankauma kunsonga n'kumayoyoka, chonsecho ndinkaithirira. Ambiri munati vuto ndi mpweya wouma. Munalasa, anzanga, zikomo kwambiri.

Kuno ku Lusaka kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula kulibe. Chomerachi, chomwe dzina lake lasayansi ndi Nephrolepis exaltata, kwawo ndi kumadera otentha ndi achinyezi a ku America, ndipo chimakonda mthunzi. Ndinachichotsa pawindo lowomba dzuwa lamasana, ndachiika kubafa komwe kumawala koma dzuwa silichifika. Kuti pakhale chinyezi, mphika ndaukhazika pambale ya timiyala yokhala ndi madzi pang'ono, osafika pamphikawo, kuopa kuti mizu ingawole.

Pa za madzi ndiye pali nkhani. Mzinda wathu unakhala pamiyala ya laimu, n'chifukwa chake madzi a borehole amasiya zoyera m'ketulo. Zoyera zomwezo ndinazipeza m'mphepete mwa mphika. Ndinasintha dothi, n'kusakaniza ndi masamba owolerana bwino. Mvula ikayamba mu Novembala ndizitchera madzi ake m'ndowa. Ndimathirira ndikapisa chala n'kumva kuti pamwamba payamba kuuma. Kupopera masamba ndi madzi, kwa ine, sikunathandize kwenikweni.

Masamba owuma ndinawadula m'tsinde. Tsopano pakati patuluka timasamba tatsopano, topiringizika ngati mchira wa bilimankhwe, tobiriwira mowala.

Amayi amene munadandaula za timadontho tabulauni tondandalikana kunsi kwa masamba, musathire mankhwala. Si matenda ayi, fern imaberekana ndi timeneto.