Za penti ya pansi pa boti ija

Paja ndinafunsa penti yoyenera kupaka zitsulo za pansi pa boti langa loyendera mphepo kuno ku Senga Bay, makamaka chiwongolero ndi mwendo wa injini (mbali yake yolowa m'madzi), zomwe ndi za aluminiyamu. Zikomo nonse amene munandilangiza.

Ndasankha penti yopanda mkuwa. Mkuwa ukakhudzana ndi aluminiyamu m'madzi, aluminiyamuyo amadyeka n'kuchita timabowo ngati chimanga chofumbwa. Ndinagula yokhala ndi zinc pyrithione, mankhwala oletsa ndere kumera, poti vuto lathu m'nyanja ya Malawi ndi ndere. Ndinapala bwinobwino, n'kuyamba ndi primer (penti yoyambira) ya epoxy, kenako penti.

Anode (chitsulo chomwe chimadyeka m'malo mwa aluminiyamu) sindinaipake penti, ndipo ndaika ya magnesium chifukwa ya zinc sigwira bwino ntchito m'madzi opanda mchere. Ndere ikumerabe pang'ono, koma ikuchoka ndikangopukuta ndi nsanza.