Kodi malupanga a bulonzi anali omenyera nkhondo kapena ongodzionetsera?

Chifundo: Ndaona chithunzi cha lupanga limene anafukula ku Nördlingen, m'dziko la Germany, m'chaka cha 2023. Lagona m'manda zaka zoposa 3,000 koma likunyezimirabe, ndipo chogwirira chake cha mbali zisanu ndi zitatu n'chopangidwa mwaluso moti ndikukayika ngati mwini wake akanalimba mtima kulowa nalo kunkhondo. Kodi zida zotere zinkakhetsadi magazi, kapena zinkangosonyeza ulemerero wa munthu?

Mphunzitsi Wopuma: Mayi Chifundo, yankho lili kukamwa kwa malupangawo. Katswiri wina wofukula zakale, Kristian Kristiansen, atawaunika ambiri mwa iwo, anapeza kuti ena ali ndi malo obenthuka pamene ankawombana ndi zida zina, ndipo ena ananoledwa kambirimbiri mpaka kuperepeseka m'mbali. Anaonanso kuti malupanga a chogwirira cha bulonzi yekhayekha, okongoletsedwa kwambiri aja, kawirikawiri sanaperepeseke ngati a chogwirira chamtengo kapena chafupa, zimene zikusonyeza kuti ena anali a mafumu pamene ena anali a ankhondo enieni. Tisapeputsenso bulonzi poganiza kuti n'ngofewa, pakuti osula ankamupanga posakaniza mkuwa ndi chitsulo chotchedwa tini pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, kenaka n'kumenyamenya kukamwa kwa lupangalo ndi nyundo kuti kulimbe.

Yamikani: Ndikuvomereza zimenezo, bambo, koma pali zida zina zimene sizikanapha munthu ngakhale mwini wake atafuna. Chida china chonga lupanga chimene anachipeza ku Ommerschans, ku Netherlands, n'chachitali masentimita pafupifupi 68, sichinanoledwepo, ndipo chilibe ngakhale mabowo okhomerapo chogwirira. Chimene chimandikhudza mtima kwambiri n'chakuti malupanga ambiri apezeka m'madzi, monga mumtsinje wa Thames ndi m'dambo la Flag Fen ku England, ena atapindidwa kapena kuthyoledwa dala. Tini ankachokera kutali ndipo anali wosowa, choncho munthu woponya chuma chotere m'madzi ankadziwa bwino lomwe chimene akutaya.

Mphunzitsi Wopuma: N'zoona, koma kapangidwe ka malupanga kankasintha chifukwa cha nkhondo. Malupanga oyambirira anali opyapyala, obayira, ndipo misomali yogwira chogwirira inkazuka munthu akatema nawo mwamphamvu. Cha m'ma 1200 BC mtundu wotchedwa Naue II unafala kuchokera ku Ulaya mpaka kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, chifukwa tsinde la chogwirira linkaumbidwira pamodzi ndi lupanga lenilenilo, ndipo munthu ankatha kubaya ndi kutema osaopa kuti lingamuguluke m'manja.