Chipangizo cha SDR chogwiritsa ntchito ndi foni: ndiyambe ndi chiti?

Wophunzira_Zomba:
Akuluakulu, ndikufuna chipangizo cha wailesi cha SDR, chija chomwe kagwiridwe kake ka ntchito kamasinthidwa ndi pulogalamu popanda kukhudza zamkati mwake, ndipo ndikufuna kuchilumikiza ku foni ya Android ndikakhala kutali ndi magetsi. Kodi mungandilangize chiti?

Katswiri_wa_Mawailesi:
Ngati cholinga chanu ndi kumvera kokha, RTL-SDR ikukwanirani. Imagwiritsa ntchito chip cha RTL2832U, ndipo mitundu yokhala ndi tuner (gawo losankha ma signal oti mumve) ya R820T imalandira kuchokera pa 24 MHz mpaka cha pa 1.7 GHz. Mumailumikiza ku foni ndi chingwe cha USB OTG, koma dziwani kuti imatentha komanso imamaliza batire la foni msanga.

Mayi_Injiniya:
Ndikuvomereza, ngakhale kuti RTL-SDR siitumiza mauthenga, ndipo zamkati mwake simungazikonzenso. Amene akufuna kuphunzira kusintha chipangizo chenichenicho aganizire ADALM-Pluto ya Analog Devices, chifukwa ili ndi FPGA ya Zynq, chip chomwe munthu angathe kuchilembanso kuti mbali ina ya ntchito yosefa ma signal ichitikire m'chipangizomo, foni isalemedwe. HackRF One imafika kuchokera pa 1 MHz mpaka 6 GHz, koma siitumiza ndi kulandira nthawi imodzi, ndipo ukaiphatikiza ndi PortaPack, kachipangizo kokhala ndi sikirini ndi mabatani, siifunanso foni konse.

Katswiri_wa_Mawailesi:
Achimwene, musanayambe kutumiza chilichonse mumlengalenga, funsani kaye ku MACRA za chilolezo.