Ndalama ya chitukuko: makalabu a ana a pa CDSS yakwathu kapena madesiki?

Mlembi wa gulu: Akuluakulu nonse, moni. Pa msonkhano wa ku Area 25 tinasiya nkhani imodzi m'malere: ndalama ya chaka chino ipite ku makalabu a ophunzira pa CDSS yakwathu ija ya njira ya ku Bunda, kapena tigule madesiki? A hedi atumiza mndandanda wa makalabu 7, koma amene amakumanadi ndi a zachikhristu aja, SCOM ndi YCS, basi. Tikambirane tisanakumane Loweruka.

Bambo a ku Kawale: Ine ndili pa madesiki. Desiki mumaiona, mumaiwerenga, patatha zaka 5 mukaipeza. Kalabu timagula matisheti, kujambula zithunzi, temu ikatha zii.

Aphunzitsi opuma, Likuni: Achimwene a ku Kawale, pa matisheti mwalasa. Koma taonani chifukwa chake SCOM ndi YCS sizifa: zili ndi tsiku lodziwika, atsogoleri osankhidwa chaka ndi chaka, ndi wamkulu amene amabwera osadikira alawansi. Makalabu enawo amafa ndi zinthu zitatu. Choyamba, patironi amakhala mmodzi, akasamutsidwa kalabu imapita naye. Pakhale awiri, bambo ndi mayi. Chachiwiri, atsogoleri onse amakhala a Fomu 4, akalemba MSCE amachoka ndi kope la maminitsi lomwe. Chisankho chizichitika temu yachiwiri, maudindo apite kwa a Fomu 3, a Fomu 4 awaphunzitse ntchito asanalowe m'mayeso. Chachitatu ndi nthawi. Ana a CDSS ndi oyendera, ena amayenda mtunda wautali ndithu. Kalabu yotuluka 5 koloko makolo a atsikana saailola, ndipo akulondola. Ola limodzi, tsiku limodzi pa sabata, ikamakwana 4 koloko aliyense ali panjira.

Mayi a ku Chinsapo: Aphunzitsi, nanga pa 7 paja tiyambe ndi ati? Onse sitingathe.

Aphunzitsi opuma, Likuni: Atatu okha, mayi. Timagulu towerengera limodzi (masitade seko aja), dibeti, ndi ulimi.

Timagulu tikhale ta ana 6 mpaka 8, osakaniza anyamata ndi atsikana, anzeru ndi ovutika. Akapitirira 10 awiri amalankhula, ena onse amangokopera. Wotsogolera azisintha sabata iliyonse, apo ayi mwana mmodzi amasanduka mphunzitsi ndipo anzake amagona. Mphunzitsi apereke mafunso 5 Lolemba, ana akangane okha, chowakanika alembe m'kope la gulu, iye adzayankhe m'kalasi. Chofunika kugula ndi mapepala a mayeso akale a MANEB, a JCE ndi a MSCE, omangidwa bwino, osungidwa ku ofesi ndipo wobwereka azisayina. Mapepala omwazika satha mwezi, amakakulungira zitumbuwa.

Dibeti ndi ya Chingerezi. Tonse tikudziwa kuti mwana akalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi palibe, ngakhale Masamu atapeza 1, ndipo ku yunivesite amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezicho. Mutu uperekedwe sabata yathunthu isanafike, mbali iliyonse anthu 3, mphindi 3 aliyense, wina wosunga nthawi, wina wapampando. Mwana amene wayendetsa dibeti, kuletsa mnzake wopitirira nthawi popanda kumunyoza, waphunzira kale kuyendetsa msonkhano.

Bambo a ku Area 36: Apo ndikutsutsako pang'ono. Mwana wa Fomu 1 wochokera kumudzi mukamuimika kutsogolo m'Chingerezi tsiku loyamba, anzake akamuseka kamodzi sabweranso. Temu yoyamba a Fomu 1 azitsutsana m'Chichewa, aphunzire kuyala mfundo, Chingerezi chibwere pambuyo. Ndipo mitu ikhale ya kwawo: makala aletsedwe kapena ayi, mtsikana amene wabereka abwerere kusukulu yomweyo kapena ina. Ndondomeko yolola kubwerera inayamba 1993, koma ana ambiri saidziwa.

Mayi a ku Chinsapo: Pamenepo ndiye pokhudza ife. Atsikana asamangopatsidwa ulembi ngati mwambo. Wapampando akakhala mnyamata, wachiwiri akhale mtsikana, chaka chinacho asinthane. Komanso nkhani za kumwezi, zibwenzi ndi maukwati a ana musazisiyire patironi wachimuna. Amayi a Mother Group azibwera kamodzi pamwezi kucheza ndi atsikana paokha, awauze kuti lamulo likuti ukwati ndi zaka 18, ndi kuti nambala ya 116 ndi yaulere mwana akachitiridwa nkhanza.

Mlangizi wa zaulimi, Area 49: Pa ulimi musalote munda waukulu. Mabedi 6, mita imodzi mulifupi, repu ndi mpiru, kuwokera mbande zikakwana masabata 4. Nazale ya mitengo machubu adzazidwe cha m'ma Seputembala kuti mbande zipezane ndi nyengo yobzala imene imayamba pa 15 Disembala. Mbewu ya msangu ndi youma khungu, muikande pang'ono kaye, apo ayi mudikira mpaka kutopa. Zimene zimapha dimba la sukulu ndi mbuzi ndi holide. Mpanda uyambe usanafese kalikonse, ndipo ana okhala pafupi alembedwe mayina a masiku othirira sukulu isanatseke. Madzi akhale a pafupi. Ngati mjigo ndi umodzi wa mudzi wonse, kambiranani ndi a komiti ya mjigo ndi amfumu. A ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ija, ali pompo pa Bunda, kalata yochokera kwa a hedi yopempha kuti ana akaone minda yawo sifuna ndalama yambiri.

Msungichuma: Ine yanga ndi imodzi. Ndalama isatumizidwe pa Airtel Money kapena Mpamba ya mphunzitsi mmodzi, ngakhale akhale wokhulupirika bwanji. Timangomuika m'mayesero ndi m'miseche. Tigule zinthu: mapepala a mayeso, makope 3 a chikuto cholimba, dikishonale 4, makheni 4, makasu, mbewu ndi machubu. Ziperekedwe pamaso pa a PTA. Za masamba ogulitsa alembe mwana wosunga chuma wa kalabu, patironi asayine. Alawansi ayi, mukayamba kamodzi tsiku losapereka kalabu sikumana.

Bambo a ku Kawale: Chabwino, koma tidzadziwa bwanji kuti zikuyenda? Zithunzi za pa WhatsApp sindizikhulupirira.

Aphunzitsi opuma, Likuni: Kaundula wa obwera, achimwene. Awiri mwa ife azipita kumapeto kwa temu, osalengeza tsiku, akaone kope. Muyang'anitsitse Januwale ndi Febuluwale, nthawi ya mvula ndi njala, pamene ana amajomba kwambiri. Kalabu imene yakumana ka 8 pa temu ipitirire kulandira thandizo, yochepera apo tiisiye.

Wapampando: Zikomo nonse. Ndikupempha tigawe pawiri: gawo lalikulu madesiki a Fomu 1, lotsala makalabu atatuwa kwa chaka chimodzi. A Msungichuma, bweretsani mitengo ya zinthu Loweruka. A Mlembi, lemberani a hedi atipatse mayina a mapatironi 6, atatu akhale amayi.

Mayi a ku Chinsapo: Afunseni kaye ngati aphunzitsi aakazi alipo okwana atatu pasukulupo.